Zinenero za Kumalire a Denmark: Kodi Chinenero Chopanda Boma Amachiteteza Ndani?

Anthu ambiri akamva dzina la Denmark amaganiza za dziko la chinenero chimodzi, Chidanishi. Maganizo oterewa ngoperewera. Mu ufumu umenewu mumalankhulidwanso Chifaro ku zilumba za Faroe, Kalaallisut ku Greenland, ndi Chijeremani ku Sønderjylland. Mbiri ya zinenerozi ili ndi phunziro kwa ife ofufuza za zinenero za Chibantu.

Malire a Denmark ndi Germany adakhazikitsidwa mu 1920 anthu a ku Schleswig atavota. Malirewo adasiya Ajeremani ena kumpoto ndi Adanishi ena kumwera. Mu 1955 maboma awiriwa adalengeza, ku Bonn ndi ku Copenhagen, kuti munthu ali ndi ufulu wodzitchula Mdanishi kapena Mjeremani, ndipo wa boma asamufunse umboni. Zipatso zake zikuoneka: mbali zonse ziwiri zili ndi sukulu zawo, Adanishi a ku Flensburg ali ndi nyuzipepala ya Flensborg Avis, ndipo chipani chawo cha SSW chidapeza mpando mu Bundestag mu 2021. Ambiri amatama dongosololi, ndipo nkoyenera kutero.

Komabe tiyenera kufunsa kuti kodi chidatetezedwacho nchiyani. Chidanishi ndi Chijeremani zili ndi maboma ozithandiza ndi ndalama, mabuku ndi aphunzitsi. Koma pakhomo mabanja ambiri a kumalireko, ngakhale odzitchula Ajeremani, akhala akulankhula Sønderjysk, chimene chimawerengedwa ngati kalankhulidwe chabe ka Chidanishi. Pamene Denmark idavomereza pangano la ku Ulaya loteteza zinenero za anthu ochepa mu 2000, idatchula Chijeremani chokha. Chifrisiya cha kumpoto, ngakhale Germany amachivomereza, chilibe dziko lina lochiyimira kumbuyo, ndipo ochilankhula achepa kwambiri.

Chifaro ndi Kalaallisut zidayenda njira ina. V. U. Hammershaimb adakonza kalembedwe ka Chifaro mu 1846, ndipo lamulo la kudzilamulira la 1948 lidachiika patsogolo pa Chidanishi m'zilumbamo. Samuel Kleinschmidt adasindikiza galamala ya Kalaallisut mu 1851, koma buku lokha silidateteze eni chinenero: patapita zaka 100, mu 1951, ana 22 a ku Greenland adatengedwa kupita ku Denmark kuti akaleredwe m'Chidanishi, ndipo ambiri adaiwala chinenero cha amayi awo. Nduna yaikulu Mette Frederiksen idapepesa mu 2020. Chimene chidapatsa Kalaallisut mphamvu ndi lamulo la 2009, limene lidachisandutsa chinenero cha boma la Greenland.

Choncho ine ndikuona kuti kalembedwe ndi galamala ndi maziko chabe. Denga lake ndi mphamvu ya eni ake pa sukulu, pa wailesi ndi m'bwalo la milandu. Kwathu kuno Chichewa, chimene ku Zambia ndi ku Mozambique amachitcha Chinyanja, chili ngati Chidanishi: chimadutsa malire ndipo chili ndi ochisamala. Koma Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi ya Malawi mu 1968 mpaka 1994, ngakhale chidali ndi mabuku ake kale. Ife akatswiri tisakhutire ndi kulemba madikishonale. Tikamaliza kufotokoza chinenero, tifunsenso kuti mwana wochilankhula adzachimva kuti akalowa m'kalasi.