Bundabunda Ifunika Mwana Wodziwa Sayansi ndi Malamulo

Ana a sukulu a ku Bundabunda, m'boma la Rufunsa, akafunsidwa nchito imene aikhumba, kawirikawiri amachula uphunzitsi, unamwino kapena udokotala. Koma ilipo nchito ina imene simveka kumidzi, ngakhale kuti ikhudza mlimi, wosula zitsulo ndi sing'anga yemwe. Iyi ndi nchito ya loya woteteza zinthu zimene anthu atulukira ndi nzeru zao.

Munthu akapanga cida catsopano, monga makina otongolera cimanga a mtundu umene sunaonekepo, angathe kupempha cikalata ca boma cochedwa patenti. Cikalataci ciletsa ena kupanga kapena kugulitsa cidaco popanda cilolezo ca mwini kwa zaka 20. M'dziko la Zambia, ofesi yopereka zikalatazi ndi PACRA, ku Lusaka, ndipo itsata lamulo la mapatenti la caka ca 2016.

Kupempha patenti si nkhani yongodzaza mapepala ai. Pafunika kulongosola bwino lomwe m'mene cidaco cigwirira nchito, ndi kusonyeza pamene cisiyanira ndi zida zonse zakale. Loya wosadziwa za makina angasiye mpata umene akuba nzeru angalowerepo. Katswiri wa makina wosadziwa malamulo angaonetse cida cace pa cionetsero ca zaulimi asanalembetse, ndipo motero angataye mwai wace, pakuti patenti ipatsidwa pa cinthu catsopano cokha. Ncifukwa cace ku Ulaya ndi ku America wofuna nchitoyi ayenera kuyamba waphunzira sayansi kapena uinjiniya.

Nkhani ya mtengo wa nimu ipereka phunziro. Mu 1994 ofesi ya mapatenti ya ku Ulaya inapereka patenti kwa kampani ya W. R. Grace pamodzi ndi boma la America, pa mankhwala oteteza mbeu ocokera ku mtengowu. Anthu a ku India anadandaula kuti nzeruyo inali yodziwika kale kwao. Umboni wa akatswiri utaperekedwa, patentiyo inafafanizidwa mu 2000, ndipo apilo inakanidwa mu 2005. Pakadapanda anthu odziwa sayansi ndi malamulo, kudandaula kokha sikukadathandiza.

Nao Asoli a kwa Mfumu Bundabunda ali ndi nzeru zao za mitengo ya mankhwala ndi za kasungidwe ka mbeu. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsanso lamulo loteteza nzeru za makolo zotere. Koma lamulo lili ngati khasu: silima lokha popanda woligwira. Ndani adzaimirira mudzi pamene kampani ibwera ndi mapepala a Cingelezi cozama, ngati si mwana wa m'mudzi momwemo?

Ena adzati njira yace ndi yaitali, ndipo anena zoona. Mwana ayenera kukhoza bwino masamu ndi sayansi mu Giredi 12, kuphunzira sayansi pa University of Zambia kapena Copperbelt University, kenaka malamulo, ndi kukhoza mayeso a uloya pa sukulu ya ZIALE. Ndalama zace sizicepa kwa banja lodalira munda. Komabe nchitoyi siithera mu Zambia mokha. Bungwe la ARIPO, limene lithandiza maiko ambiri a mu Africa pa zamapatenti, linabadwa ndi pangano losainidwa mu Lusaka mu 1976, ndipo likulu lace lili ku Harare.

Tsono aphunzitsi a ku Bundabunda auze ana a m'makalabu a JETS kuti nchitoyi iliko. Makolo asacotse pa sukulu mwana wokonda kumasula wailesi ndi njinga, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana. Ndipo amene watulukira cida catsopano asafulumire kucionetsa pagulu. Ayambe wafika ku PACRA kukafunsa. Akulu anati m'mera mpoyamba.