Magiredi a mwana akafika ku koleji amawerengedwanso

Makolo ambiri amene ana awo akuphunzira ku America amakhutira akangoona GPA pa lipoti la mwana. Nambala imeneyi ndi avereji ya magiredi onse: A ndi 4, B ndi 3, C ndi 2, D ndi 1. Komatu makoleji ambiri sangoitenga momwe yabwereramo. Amaiwerengeranso mwa njira yawoyawo, chifukwa sukulu za sekondale zimasiyana kawerengedwe.

Kawirikawiri amasiya maphunziro ofunikira okha: Chingerezi, masamu, sayansi, mbiri ndi chilankhulo chachiwiri. Tiyerekeze kuti mwana wapeza B m'maphunziro asanu amenewa, ndipo wapeza A pa masewera olimbitsa thupi, pa kuyendetsa galimoto ndi pa Baibulo. Pa lipoti pakuoneka 3.4. Koleji ikachotsa atatuwo, yatsala 3.0. Inde, ngakhale Baibulo la m'sukulu zathu makoleji ena saliwerengera, ndipo ndi bwino tidziwiretu kusiyana n'kudzadzidzimuka mwana atakanidwa malo.

University of California imanena poyera njira yake. Imatenga magiredi a Grade 10 ndi 11 okha, sisamala za plus kapena minus, ndipo imawonjezera pointi imodzi pa maphunziro ovuta monga AP ndi IB. Wokhala ku California amafunika 3.0, wochokera kunja 3.4.

Pointi yowonjezerayi ndiyo ikutidetsa nkhawa ife. Ana amadzisenzetsa maphunziro a AP ambirimbiri n'kumagona usiku utapita kale, chonsecho wachinyamata amafunika tulo ta maola 8 mpaka 10. Mwana wosagona saloweza kanthu. B pa AP amakhala 4, koma akatsika kufika pa C chifukwa cha kutopa, wangolingana ndi mnzake amene wapeza B m'kalasi wamba akugona bwinobwino. Ife tikuona kuti maphunziro ovuta awiri amene mwana akuwakonda aposa asanu omudwalitsa.

Kwa amene akufunsira malo ali kuno ndi MSCE, samalani: kwathu 1 ndiye wapamwamba, 9 ndi kulephera, pamene kumeneko nambala yaikulu ndiyo yabwino. Makoleji ena amafuna kuti satifiketi iyambe yaunikidwa ndi bungwe monga World Education Services, ndipo pamakhala malipiro. Lemberani ofesi yolandira ophunzira, kaya ku Andrews University kaya kwina, mufunse maphunziro amene amawerengera musanalipire kalikonse.