Moto wa m'thumba ufuna mlonda

Munthu aliyense amene anakulira m'zigwa za Kasungu, kaya ndi ku Santhe, ku Chamama, ku Mtunthama kapena ku Chulu, akudziwa kuti balani la fodya wa fuluu likayatsidwa pamakhala munthu mmodzi amene sagona. Moto uli m'ng'anjo, kutentha kukuyenda m'mapaipi, ndipo pamwamba pake palendewera mikangala ya masamba amene banja lakhetsera thukuta kuyambira ku nazale. Kwa masiku 6 kapena 7 mlondayo amakweza kutentha pang'onopang'ono, kuchokera pa madigiri pafupifupi 35 pamene tsamba likusanduka lachikasu, kufikira pafupifupi 70 pamene mtsempha wa tsamba ukuuma. Akangosinza, tsamba louma n'kugwera pa paipi yofiira, ntchito ya chaka chathunthu imasanduka phulusa tambala asanalire. Luso limeneli ndi limene bungwe la Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority linkaphunzitsa alimi m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, ndipo mpaka lero mlimi wanzeru sapereka balani lake kwa mwana wosaphunzira.

Tayamba ndi balani chifukwa masiku ano kwabwera moto wina umene anthu akuyenda nao m'thumba ndi kuuika pakamwa. Tikunena za ndudu ya magetsi, imene achinyamata akuitchula kuti vape. Chidachi, monga tikuchidziwira lero, anachikonza Hon Lik, katswiri wa mankhwala wa ku China, m'chaka cha 2003. M'kati mwake muli batire ndi kawaya kopota kotchedwa koyilo. Batire likatenthetsa koyiloyo, timadzi timene kawirikawiri timakhala ndi nikotini timasanduka nthunzi, ndipo munthu amakoka nthunziyo m'malo mwa utsi. Zidazi zafika m'mizinda yathu, zina m'masitolo, zina m'zikwama za abale obwera kuchokera ku Johannesburg. Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Chinkhoma ndalama n'kuyamba kuyenda, chinthu chonyezimira sichisowa wochigula, ndipo wogwira ntchito m'boma naye amafuna kuoneka kuti akuyenda ndi nthawi.

Tinene poyamba mosabisa mau kuti munthu amene sasuta alibe chifukwa choyambira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization lakhala likuchenjeza kuti ndudu za magetsi n'zoononga thanzi ndiponso kuti nikotini amamanga munthu ukapolo, makamaka wachinyamata. Dziko lathu nalo linalowa m'pangano la bungweli loletsa kufala kwa kusuta fodya m'chaka cha 2023. Komabe tikudziwa kuti alipo akuluakulu amene asankha kale kusiya ndudu ya pepala ndi kutenga ya magetsi. Iwowa ndi amene tikulankhula nao lero, chifukwa pakati pa zida zimenezi pali mtundu umodzi woopsa koposa, umene ogulitsa amautchula kuti mechanical mod kapena mech mod.

Ndudu zambiri za magetsi zili ndi kachipangizo kakang'ono m'kati kamene kamayang'anira moto. Waya akachita shoti kamadula magetsi, batire likatentha kwambiri kamazimitsa, ndipo batani likakanikizika kwa nthawi yaitali kamaleka kupereka moto. Kachipangizoka ndiye mlonda wa chidacho. Mech mod ilibe kachipangizo kotere ngakhale fyuzi. Ndi chubu chachitsulo, kawirikawiri cha mkuwa, chokhala ndi batire m'kati ndi batani kunsi kwake. Mukakanikiza batani, mphamvu yonse ya batire imathamangira ku koyilo popanda choitchinga. Okonda zidazi amazitama kuti n'zolimba, n'zokongola ndiponso zimatulutsa nthunzi yambiri. Zonsezi n'zoona, koma akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Wogula mech mod wagula balani lopanda mlonda, ndipo ulondawo wagwera iye mwini.

Tisaganize kuti tikungoopseza. Nthambi ya boma la America yoona za ngozi za moto, U.S. Fire Administration, inalengeza m'chaka cha 2017 kuti kuyambira mu 2009 mpaka mu 2016 kunachitika ngozi 195 za kuphulika kapena kuyaka kwa ndudu za magetsi m'dzikolo, ndipo anthu 133 anavulala, 38 mwa iwo modetsa nkhawa. M'mwezi wa Meyi 2018 bambo wina wa zaka 38 ku St. Petersburg, m'chigawo cha Florida, anafa mech mod itamuphulikira, zidutswa za chitsulo n'kumulowa m'mutu. Mu Januwale 2019 mnyamata wa zaka 24 ku Fort Worth, m'chigawo cha Texas, anafa chidutswa chitamudula mtsempha waukulu wa pakhosi. Kumeneko ndi kumene zipatala zili pafupi ndipo ambulansi imafika msanga. Nanga ife? Munthu wopsa kwambiri ku Kasungu angafunike kutumizidwa ku chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130, ndipo wa ku Chamama kapena ku Chulu ayambe wafika kaye pa boma.

Chimaphulika n'chiyani? Ndi batire la lithium, kawirikawiri la mtundu wa 18650, ndiye kuti la mamilimita 18 m'mimba mwake ndi mamilimita 65 m'litali. Batire lililonse lili ndi malire a moto umene lingapereke mosalekeza popanda kutentha mopitirira, ndipo malirewo amayezedwa m'ma ampu. Mwachitsanzo, batire la Samsung 25R malire ake ndi ma ampu 20, pamene la Samsung 30Q ndi ma ampu 15. Mukalikakamiza kupitirira malire ake, limatentha m'kati, kutenthako kumabala kutentha kwina, mpweya wamoto n'kutuluka mwamphamvu. Ngati batirelo latsekeredwa m'chubu chachitsulo chopanda potulukira mpweya, chubucho chimaphulika ngati bomba laling'ono, ndipo chimaphulikira m'dzanja kapena pamlomo.

Apa ndi pamene pakulowa masamu, ndipo tikupempha owerenga kuti adekhe, pakuti si masamu obvuta kuposa amene timachita powerengera mtengo wa belo la fodya. Lamulo lake anatulukira ndi Georg Ohm wa ku Germany m'chaka cha 1827. Batire lodzaza bwino limakhala ndi ma volti 4.2. Koyilo iliyonse ili ndi muyezo wa mmene imakanizira magetsi, umene umawerengedwa m'ma ohm. Mukagawa ma volti ndi ma ohm, mupeza ma ampu amene batire likukakamizidwa kupereka. Koyilo ya 0.5 ohm ikoka ma ampu 8.4, ndipo batire la ma ampu 20 linyamula katunduyo mosabvuta. Koyilo ya 0.3 ohm ikoka ma ampu 14, apo mukadali m'kati mwa malire. Koyilo ya 0.2 ohm ikoka ma ampu 21, pamenepo mwadumpha kale malire. Koyilo ya 0.1 ohm ikoka ma ampu 42, kuposa kawiri zimene batirelo lingathe. Taonani kuti nambala ya koyilo ikamachepa ndi pamene ngozi imakula, ndipo ambiri osaphunzira amasokera pamenepa. Woyamba kumene asatsike pansi pa 0.5 ohm, ndipo asakanikize batani asanayeze koyilo yake ndi mita yoyezera ma ohm, monga mlonda wa balani sakweza moto asanayang'ane choyezera kutentha.

Masamuwa amathandiza pokhapokha ngati nambala yolembedwa pa batire ndi yoona, ndipo apa ndi pamene ife a kuno tili pa bvuto lalikulu. Mabatire a 18650 ali ponseponse m'misika yathu chifukwa ndi omwewo amene ali m'matochi ndi m'nyale za dzuwa. Ena amachotsedwa m'mabatire a makompyuta akale. Mabatire oterewa anapangidwa kuti azipereka moto wochepa kwa nthawi yaitali, kotero sangapirire katundu wa mech mod. Palinso mabatire achinyengo amene akutidwa pepala lokongola lolembedwa 9900 mAh. Palibe batire la 18650 limene lingasunge moto wochuluka chotero, ndipo wogulitsa batire lolembedwa choncho akukugulitsani bodza. Tidziwenso kuti makampani ena opanga mabatirewa, monga Samsung ndi LG, anachenjeza poyera kuti mabatire aowo sanawapangire ndudu za magetsi. Amene sangapeze batire lenileni kwa wogulitsa wodalirika alibe poyambira.

Batire labwino nalo lifuna kusamalidwa. Thupi lake lonse ndi chitsulo chonyamula magetsi, ndipo chimene chimaliteteza ndi chikutiro chopyapyala cha pulasitiki. Chikutirocho chikang'ambika, ngakhale pang'ono ngati pamene padutsa chikhadabo, chitsulo cha batire chimakhudzana ndi chubu ndipo moto ungayambe wokha popanda kukanikiza batani. Batire lotere lichotsedwe mpaka litakutidwanso, ndipo lophwanyika, lotupa kapena la dzimbiri lisagwiritsidwenso ntchito. Batire lapadera lisaikidwe m'thumba limodzi ndi makobidi kapena makiyi, chifukwa chitsulo chikakhudza mbali zonse ziwiri ndiye shoti, ndipo anthu ambiri apsa ntchafu m'njira imeneyi. Kabokosi ka pulasitiki kosungira batire n'kotsika mtengo kuposa usiku umodzi m'chipatala. Pa chifukwa chomwechi malamulo a ndege, kuyambira mu 2015, amaletsa kuika ndudu ya magetsi m'katundu wopita kunsi kwa ndege, ndipo akuluakulu a boma oyenda maulendo akunja azikumbukira zimenezi.

Pa kudzaza moto napo pafunika mwambo. Batire lidzazidwe ndi chaja yake yopangidwira mabatire a lithium, imene imaleka yokha pa ma volti 4.2. Lisasiyidwe pa chaja usiku wonse anthu ali m'tulo, makamaka m'nyumba ya denga la udzu kapena pafupi ndi chigafa cha fodya wouma. Lisasiyidwe m'galimoto yotsekedwa pa dzuwa la mu Okutobala. Popeza mech mod sidzizimitsa yokha batire likafooka, mwini wake aone yekha: nthunzi ikayamba kuchepa achotse batire akalidzaze, pakuti likatsika kupitirira ma volti 2.5 limaonongeka m'kati ndipo lingayake tsiku lina pa chaja. Asanagule chubu ayang'ane ngati chili ndi timabowo totulukira mpweya ndiponso ngati batani lake lili ndi loko, ndipo poyenda azikhoma lokoyo kapena kuchotseratu batire. Pali machubu ena otchedwa hybrid, amene mutu wa batire umagundana mwachindunji ndi kamsomali ka pansi pa thanki. Ngati kamsomaliko sikanatulukire bwino kunja, batire limagunda chitsulo cha m'mbali n'kuchita shoti nthawi yomweyo. Woyamba kumene mtundu umenewu aupewe. Chubu chikangotentha m'dzanja mosazolowereka, aleke kukoka, achiike pansi pa dothi kapena pa simenti kutali ndi anthu. Wina akapsa, pa balapo pathiridwe madzi oyera ozizira kwa mphindi 20, osapakapo dzira kapena mankhwala otsukira mano, kenaka athamangire naye ku chipatala.

Tisaiwale timadzi tija. Anthu a ku Kasungu safunika kuuzidwa kuti nikotini amalowa pakhungu, pakuti othyola fodya wonyowa ndi mame amadziwa chizungulire ndi nseru zimene zimatsatira. Timadzi ta vape timanunkhira ngati maswiti kapena zipatso, ndipo mwana wamng'ono akamwa angadwale kwambiri ngakhale kufa kumene. Botolo lake likhale lotsekeredwa pamene mwana sangafike.

Maganizo athu tsono ndi awa. Mech mod si chida choyambira. Wamkulu amene watsimikiza kuchoka ku ndudu ya pepala ayambe ndi chida chokhala ndi kachipangizo kodzitetezera, ndipo koposa zonse afunse a chipatala za njira zosiyira nikotini kotheratu. Amene akuumirira mech mod ayambe wadziyesa: kodi angathe kugawa 4.2 ndi nambala ya koyilo yake? Kodi ali ndi mita yoyezera? Kodi akudziwa kumene batire lake lachokera ndi malire ake? Ngati funso limodzi lamukanika, ndalama yakeyo akagulire feteleza. Safunsa anadya phula.

Kwa inu ogwira ntchito m'boma, udindo ulipo. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene lakhala likuyang'anira ubwino wa katundu kuyambira mu 1972, liike maso pa mabatire a lithium olowa m'dziko muno, pamodzi ndi anzathu a kasitomu pa zipata za Mchinji, Dedza ndi Mwanza. A zaumoyo m'maboma aphatikize nkhaniyi m'maphunziro amene amapereka m'midzi ndi m'masukulu. Aphunzitsi a sayansi ali ndi mwai wosonyeza ana kuti lamulo la Ohm limene amaloweza pokonzekera mayeso lingapulumutse nsagwada za munthu. Atsogoleri a m'madera, mafumu ndi makolo, mukaona mnyamata wanyamula chubu chonyezimira pa Chinkhoma kapena pa Nkhamenya, musamuseke kapena kumukalipira. Muitaneni pambali mumufunse za batire lake ndi masamu ake, monga mmene mukanamufunsira musanamusiyire balani usiku. Akalephera kuyankha, muuzeni achotse batirelo pomwepo inu mukuona.