Injini yachete isakunamizeni

Anzanga a pamsika, lero ndikufuna tikambe za njinga zamoto zimene mwagulazi. Kuno kwa Dambe, kuyambira pa Kapiri mpaka pa Kamwendo, aliyense amene wapeza kangachepe pa mtedza kapena soya akuthamangira kugula njinga n'kupatsa mnyamata kuti aziyendetsa kabaza. Nzeru yabwino ndithu. Koma njinga zambiri zikufa zisanabweze ndalama yake, ndipo ine ndikuti wina wozipha ndinu eni akenu.

Inu mukangomva injini ikuti tiki-tiki-tiki mumathamangira kwa makaniko: "Achimwene, tandimangireni matapeti, phokosoli lithe." Makaniko naye, poopa kutaya kasitomala, amangomanga mpaka injini kuti zii. Inu n'kulipira uku mukumwetulira. Eti mwakonzetsa!

Tamverani. M'mutu mwa injini muli mavavu awiri. Ina imalowetsa mpweya ndi petulo, ina imatulutsa utsi. Pakati pa vavu ndi kachitsulo koikankha pamayenera kutsala kampata, chifukwa chitsulo chikatentha chimafutukuka. Pa njinga zing'onozing'onozi, kampatako kamakhala pakati pa mamilimita 0.05 ndi 0.10, malinga ndi zimene buku la njingayo lanena. Ndi ngati kukula kwa tsitsi limodzi basi.

Mukakatseka kampatako, vavu siitsekanso bwino injini ikatentha. Moto umadutsa m'mbali n'kuyamba kuidya. Njinga imavuta kulira, kiki imapepuka, mphamvu imatha, ndipo imazima yokha mnyamata akaima kudikira munthu. Mapeto ake vavu yapsa, mutu wa injini ukatsegulidwe. Pamene kaphokoso kapang'onopang'ono kaja sikapha injini. Mpata ukakula kwambiri inde, phokoso limanyanya ndipo njinga imafooka, koma zimenezo sipanala imathetsa mosavuta.

Tsono mukapita kwa makaniko, yang'anani zinthu zitatu. Choyamba, injini ikhale yozizira, makamaka yoti yagona usiku wonse. Woyeza matapeti njinga itangofika kumene kuchokera ku Mkanda akungokuberani. Chachiwiri, azungulitse injini mpaka chilembo cha T chili pa flywheel chilunjike pa kamzere kake, mavavu onse awiri ali otseka. Chachitatu, atulutse feeler gauge, timalata topyapyala tolembedwa manambala tija. Ena amagwiritsa ntchito lezala, ena khutu chabe. Kodi inu mungalole munthu akuyezereni thumba la mtedza pongolinyamula m'manja?

Palinso nkhani ya timing imene amakaniko ena amaopsezera nayo anthu. Chimene chimatsegula mavavu ndi camshaft, ndipo imazungulira kamodzi pamene injini yazungulira kawiri. Zikasemphana ndi dzino limodzi lokha, njinga imamwa petulo ngati chidakwa koma osakwera mtunda. Zikasemphana mano angapo, pisitoni imatha kumenya vavu n'kuipinda. N'chifukwa chake pomanga injini, chizindikiro cha pa giya ya camshaft chiyenera kugwirizana ndi T uja. Apa si poganizira ayi.

Komanso dziwani mtundu wa injini yanu. Bajaj Boxer ili ndi tcheni cha timing m'kati mwa injini, ndipo chikatha chimalira ngati mtedza m'chitini. Koma njinga zambiri zochokera ku China zinatengera injini ya Honda CG125, imene inatuluka mu 1975. Imeneyo camshaft yake ili pansi, imayenda ndi magiya, ndipo mavavu amakankhidwa ndi timindodo tachitsulo. Tcheni cha timing mulibemo. Ndiye mnyamata wanu akabwera madzulo kuti, "Bwana, tcheni cha timing chatha," yambani mwafunsa kuti injiniyo ndi yamtundu wanji. Safunsa anadya phula.

Fumbi lakwathu kuno nalo si lamasewera. Sefa ya mpweya ikang'ambika, dothi limalowa n'kumapala mavavu, ndipo kampata kaja kamasintha kokha. Choncho muziyezetsa matapeti kawirikawiri monga likunenera buku, muzitsuka sefa, ndipo oyilo asamachite kuda bii ngati makala.

Chigwetsereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, masipeya anakwera mtengo zosaneneka, kaya mugule ku Lilongwe kaya mudumphire ku Chipata. Kuyeza matapeti ndi ntchito yosafuna sipeya iliyonse. Kusintha mavavu opsa kumafuna mavavu atsopano, gasiketi, malipiro a makaniko, komanso masiku amene njinga yangokhala osalowetsa kanthu.

Amakaniko odziwa ntchito alipo ndithu kwa Dambe kuno. Vuto n'lakuti mumawathawa chifukwa amakubwezerani njinga ikumveka tiki-tiki pang'ono. Ameneyo ndiye mumugwire dzanja, amayi ndi abambo. Wakutsina khutu ndi mnansi.