Galimoto zakale zisathere kwa ogula zitsulo

Munthu akamayenda m'misewu ya ku Area 15 mu mzinda wa Lilongwe, sachedwa kuona galimoto yakale itakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa mpanda: pena Peugeot 504, pena Land Rover, pena kabokosi ka Nissan 1400. Zambiri mwa galimotozi mapeto ake ndi kwa anyamata ogula zitsulo zakutha pa sikelo. Koma alipo eni ena ochepa amene amatha Loweruka lawo akuzidzutsa, ndipo anansi amawaseka kuti akutaya ndalama pa bokosi la makoswe. Anthuwa sayenera kusekedwa, chifukwa akusunga luso lomwe likutha m'dziko muno.

Chiyambireni kubwera kwa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan, magalaji ambiri asanduka malo osinthira zipangizo basi. Chitseko chikaphwanyika, wina amathamangira ku Malangalanga kapena ku Biwi kukagula china. Chikasowa, amamata fila wochindikala ngati nsima, n'kupopera penti. Galimoto imatuluka ikuwala, koma ndi chikomekome cha mkuyu. Ikangodutsa m'mabampu a msewu wafumbi miyezi ingapo, fila uja amang'aluka, madzi amalowa, dzimbiri n'kuyamba kudya mkati.

Wodzutsa galimoto yakale alibe njira yachidule yotere. Nissan 1400 inasiya kupangidwa ku South Africa mu 2008, choncho zitseko zake sizipezeka wamba. Mmisiri amayenera kudula pomwe padyeka, kusema chitsulo china molingana, n'kuwotcherera pang'onopang'ono modumphadumpha. Chitsulo cha thupi la galimoto n'chopyapyala, pafupifupi milimita imodzi, ndipo moto ukachuluka chimapindika. Kenako ndi hamala kunja, chitsulo chotsamiritsa mkati, mpaka dzanja losisita lisamvenso chitunda. Land Rover yakale imaphunzitsanso china: thupi lake ndi la aluminiyamu ndipo silichita dzimbiri, koma tchesisi yake yachitsulo ndi imene imaola mwakachetechete.

Nkhani ya injini ndiye yofunika kwambiri. Injini ikamazungulira maulendo 3,000 pa mphindi, ndiye kuti ikuzungulira ka 50 pa sekondi, ndipo pisitoni iliyonse imaima n'kubwerera ka 100 pa sekondi yomweyo. Pa liwiro lotere, kusiyana kwa magalamu ochepa kumasanduka nkhonya yomenya mabering'i usana ndi usiku. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa amayeza mapisitoni onse pa sikelo, n'kupala olemerawo mpaka afanane ndi wopepuka uja, ndipo crankshaft ndi flywheel amazipereka kwa a makina oyezera. Wothamangira ndalama amangotola pisitoni pa injini ina yakufa, n'kuika. Mwini minibasi amadabwa injini ikunjenjemera, kenako yagogoda asanabweze ngongole.

Ena anena kuti awa ndi masewera a anthu a m'mayadi. N'zoona kuti ntchitoyi imadya nthawi ndi ndalama. Koma kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chipangizo chilichonse chochokera kunja chinasanduka golide. Dzanja lotha kuwongola ndi kuyeza ndi lomwelo lingadzutse matola wa ku Mitundu, thirakitala ya pa esiteti kapena injini ya chigayo cha pa Mponela.

Bungwe la TEVETA, lomwe linakhazikitsidwa mu 1999, pamodzi ndi sukulu ngati Lilongwe Technical College, zingachite bwino kufunafuna amisiri akale otere n'kuwapatsa ana oti awasule akadali ndi mphamvu. Nawo makolo asaone ngati mwana wokonda hamala ndi girizi walephera moyo. Ndipo amene ali ndi galimoto ya malemu agogo pa njerwa, asanaitane wa sikelo, ayambe waitana mmisiri adzaione.