Juwisi wa malambe sapulumutsa mano a ana pa Khrisimasi

Disembala akangoyamba, uthenga umodzi umabweranso m'magulu a WhatsApp a kumpingo ndi a makolo. Umati chimene chimabowola mano a ana pa nyengo ya zisangalalo ndi zakumwa za m'botolo zokha, choncho mayi wanzeru asiye kugula Fanta ndi Coca-Cola, apange yekha juwisi wa malambe, wa bwemba kapena wa mango, athiremo uchi, ndipo ana amwe mmene angafunire chifukwa shuga wachilengedwe saononga mano. Ena amawonjezera kuti nzimbe zimatsuka m'kamwa. Amene amatumiza uthengawu amafunira ana zabwino, ndipo sakulakwa ponena kuti zakumwa za m'botolo zimaononga mano. Koma zoti juwisi wopanga tokha alibe vuto si zoona, ndipo tikuopa kuti makolo ambiri akupatsa ana chinthu chomwecho chimene akuchithawa.

Dzino silibowoka chifukwa cha mbozi, monga ambiri tinakulira tikumva. Pamano pamakhala zoyera zomata zija zimene munthu amazimva ndi lilime akadzuka m'mawa. M'menemo mumakhala mabakiteriya, ena otchedwa Streptococcus mutans, amene amadya shuga n'kutulutsa asidi. Asidiyo akachuluka mpaka muyeso wa pH utatsika pansi pa 5.5, chikutu cholimba cha kunja kwa dzino chimayamba kusungunuka. Dokotala wa ku America, Robert Stephan, anayeza zimenezi m'zaka za m'ma 1940. Anapeza kuti asidi amachuluka patangopita mphindi zochepa munthu atalawa shuga, ndipo malovu amatenga mphindi 30 mpaka 60 kuti abwezeretse m'kamwa mwakale. Mabakiteriyawo safunsa kuti shugayo wachokera kuti. Shuga wa m'paketi amene timathira mu tiyi ndi madzi a nzimbe za ku Nchalo ndi ku Dwangwa ataphikidwa n'kuumitsidwa. Mwana amene akutafuna nzimbe akusambitsa mano ake m'shuga yemweyo, ngakhale zitsotso zake zikupukuta pang'ono.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena zimenezi momveka m'malangizo ake a mu 2015. Shuga amene linati tichepetse ndi wothira m'zakudya, komanso wa mu uchi, wa m'manyuchi ndi wa m'juwisi wa zipatso. Linati asapitirire 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza m'zakudya patsiku, ndipo ndi bwino kwambiri akakhala pansi pa 5 peresenti, amene kwa munthu wamkulu ndi magalamu pafupifupi 25, kapena timasupuni 6. Shuga wa m'chipatso chodya chathunthu ndi wa mu mkaka sanamuwerengere pamenepo. Bango lodya ndi mano limafuna kutafuna, malovu amatuluka ambiri, ndipo likatha latha. Mango asanu akafinyidwa m'jagi, shuga wake amamasuka, ndipo mwana amamwa pang'onopang'ono kuyambira pochokera kutchalitchi mpaka dzuwa kulowa.

Malambe ndi bwemba ali ndi vuto lachiwiri. Ndi zipatso zowawasa, kutanthauza kuti zili ndi asidi wakewake amene amapereseza dzino popanda kudikira mabakiteriya. Aliyense amene anapangapo juwisi wa malambe akudziwa masupuni a shuga amene amalowa mu ndowa kuti ana asakwinye nkhope. Ndiye taonani mwana amene wagula firizesi ya malambe pamsika. Amaluma kangodya ka pulasitiki, n'kuyamba kuyamwa ndi mano akutsogolo, akufinya pansi ndi zala, mpaka madzi oundanawo atasanduka oyera. Nthawi yonseyo mano anayi omwewo ali m'madzi a asidi ndi shuga. Malambe ndi chakudya chabwino, ali ndi vitamini C wambiri, ndipo sitikuti anthu awasiye. Tikukana zoti ndi mankhwala a mano.

Chimene chimaononga kwambiri ndi kudya zotsekemera pafupipafupi. Umboni wake unachokera ku kafukufuku womvetsa chisoni wa pachipatala cha Vipeholm mumzinda wa Lund ku Sweden, pakati pa 1945 ndi 1953. Odwala olumala m'maganizo, amene sakanatha kuvomera kapena kukana, anapatsidwa shuga m'njira zosiyanasiyana. Amene ankadya shugayo pa nthawi ya chakudya mano awo anaonongeka pang'ono. Amene ankapatsidwa maswiti omata pakati pa zakudya mano awo anaola kwambiri. Zimene anthuwa anachitiridwa zinali nkhanza, ndipo lero palibe angaloledwe kuzibwereza. Kuchokera pamenepo a ku Sweden anayamba mwambo woti ana azidya maswiti Loweruka lokha.

Tikayang'ana mbale yeniyeni ya pa Khrisimasi, zambiri zili bwino. Nkhuku, nyama yambuzi, chambo, usipa ndi mazira mulibe shuga woti mabakiteriya adye. Usipa ndi matemba zodyera limodzi ndi minga zimapereka kashiamu, amene mwana amafunika pamene mano ake akupangika. Mvula yoyamba imabweretsa bonongwe, chisoso ndi nkhwani, ndipo kabichi ndi karoti zosaphika zimapatsa nsagwada ntchito. Mpunga ndi nsima siziopsa ngati mabisiketi, makeke ndi zokhwasula zokhala m'timapaketi, zimene zimakanirira m'mphako za mano akumbuyo. Mtedza wokazinga ndi umene tikanakonda kuona m'mbale ya alendo m'malo mwa maswiti, chifukwa umatafunitsa ndipo shuga wake ndi wochepa. Mkaka ndi chambiko chosathira shuga zili ndi kashiamu ndi fosifeti, zimene zimathandiza chikutu cha dzino kulimbanso asidi akachifewetsa. Amene angakwanitse tchizi, kachidutswa kamodzi pomaliza kudya kamachepetsa asidi m'kamwa. Masuku ndi mango zimakhala pa nyengo yake nthawi ya Khrisimasi, ndipo ana adye zathunthu. Tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, monga tiyi aliyense, ali ndi fuloraidi pang'ono, koma phindu lake limatha tikathiramo masupuni atatu a shuga. Tinenenso kuti palibe chakudya chimene chimatseka dzino lobowoka kale. Limenelo likufunika kuchipatala.

Sitikupempha kholo lililonse kuti limane mwana Fanta pa tsiku limene wakhala akuliyembekezera chaka chonse. Amwe pamodzi ndi mpunga ndi nkhuku yake, amalize, atsirize ndi madzi. Juwisi wa malambe ndi thobwa lothira shuga zitsate lamulo lomwelo. Mwana asatenge mswachi nthawi yomweyo, chifukwa dzino limene langokhudzidwa ndi asidi limakhala lofewa, ndipo ndi bwino kudikira mphindi 30 kapena kuposerapo. Usiku asagone asanatsuke ndi mankhwala okhala ndi fuloraidi, popeza malovu amachepa munthu akagona, ndipo alavule koma asachukuche ndi madzi. Khanda lisagonekedwe ndi botolo la juwisi kapena la tiyi wotsekemera.

Madokotala a mano m'Malawi ndi ochepa kwambiri. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 pa College of Medicine, imene tsopano ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences, ndipo padzatenga zaka kuti boma lililonse likhale ndi okwanira. Mwana wakumudzi amene dzino lake layamba kupweteka nthawi zambiri amafika kuchipatala mochedwa, tsaya litatupa, ndipo chimene chimatsala ndi kuzula. Mano akulu oyamba akumbuyo amamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6. Makolo ambiri amawayesa a ubwana, koma akazulidwa sameranso.