Mashingozi samva makapisozi

Lero sindipsatira mawu. Ndatopa kulandira anthu a mashingozi patatha masabata awiri, matuza ataphulikaphulika, pabala pali ufa wa makapisozi ogula pamsika, ena atapaka phulusa kapena mankhwala otsukira mano. Kaya munagula ku Kamwendo, kaya anakubweretserani kuchokera ku Chipata, amoxicillin ndi wa mabakiteriya. Pa mashingozi mwangotaya ndalama.

Kachirombo kamene kanakudwalitsani katsabola muli mwana sikanachoke m'thupi. Kanabisala m'mitsempha pafupi ndi msana. Chitetezo cha m'thupi chikatsika, kaya ndi ukalamba, HIV kapena khansa, kamadzuka n'kuyamba kuswana. Kamapanga mapuloteni akeake amene ntchito yawo ndi kukopera DNA yake mobwerezabwereza. Mankhwala a acyclovir amapusitsa mapuloteni amenewa. Puloteni ina ya kachiromboko ndi imene imayamba kuwadzutsa mankhwalawo, ina n'kuwatola ngati njerwa yomangira DNA. Njerwa yabodzayo ikangolowa, kumanga kumathera pomwepo.

Ndiye taganizani. Mankhwala oimitsa kuswana angathandize bwanji kuswanako kutatha kale? N'chifukwa chake timakufunani pasanathe maola 72 matuza atatuluka. Kubwera sabata yachiwiri kuli ngati kuthira mankhwala m'thumba anankafumbwe atamaliza chimanga. Tidzakutsukani bala, tidzakupatsani zochepetsa ululu, koma mtsempha umakhala utavulala, ndipo ena amamva kuotcha miyezi yambiri bala litapola.

Ndikudziwa chimene chimakuchedwetsani. Si mtunda wokha ayi, mumaopa kuti anthu anena kuti ndi Edzi. Inde, tidzakupemphani kuyezetsa magazi, ndipo ndi bwino kutero. Koma agogo ambiri opanda HIV amadwalanso mashingozi. Manyazi amenewa akukudyerani masiku atatu okhawo amene mankhwala amagwira bwino.

Mukamva kuotcha kapena kubaya mbali imodzi ya thupi, kenako matuza n'kutuluka mondondozana, nyamukani tsiku lomwelo. Akakhala pamphumi, pamphuno kapena pafupi ndi diso, musadikire ngakhale kuti mugulitse kaye mtedza, diso limatha kufa. Phimbani matuzawo ndi nsalu yoyera, chifukwa madzi ake amapatsira katsabola kwa khanda ndi kwa mayi woyembekezera amene sanadwalepo.